Buku la Ana Atatu

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anali mu kalasi yachitatu, mabuku a boma anafika ochepa ku sikola ya kwathu. Apulofesoli, aphunzitsi awo, anagawa buku limodzi kwa ana atatu, aliyense azigona nalo masiku awiri. Mwana wanga anapatsidwa Lachisanu ndi Loweruka, ndiye kuti Lamulungu linkamupezanso m'manja mwake. Ndinathokoza Ambuye chifukwa cha tsiku lowonjezeralo.

Ine Chipwitikizi sindichimva bwino. Ndinaphunzira ku Dedza tili othawa nkhondo, n'kulekeza panjira titabwerera. Koma mwanayo akamawerenga ndinkakhala pambali ndikusankha nyemba, iye n'kumandimasulira m'Chinyanja kuti apa akunena za mbuzi, apa za mtsinje. Bukulo ankalikulunga m'pulasitiki wamkulu amene ndinachotsa m'kati mwa saka la adubu, feteleza wa chimanga, n'kumutsuka kawiri.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa nyemba pamsika wa Ulongwe. Kunamveka kuti msonkho wasintha, ndipo aliyense wa geni akalembetse ku ofesi, apo ayi katundu alandidwa. Palibe amene anawerenga lamulolo, tonse tinangomva kwa amene anamva pa wailesi.

"Aja anatipatsa nsalu za makapulana pofuna mavoti aja, si ankati msonkho utsika?" anafunsa mayi wa tomato woyandikana nane.

"Watsikatu, achemwali," anayankha wa kabichi. "Watsika mpaka watipeza ife okhala pansi."

Tinaseka, koma ine ndinali ndi mantha. Msonkho sindiukana, mankhwala a kuchipatala sagwa ndi mvula. Chimene ndinkaopa n'kulandidwa saka langa, poti geni yonse inali yomweyo.

Lachisanu ndinauza mwanayo kuti asapite ku sikola, akandikhalire pa nyemba. Sanatsutse. Anangotenga buku lake, limene mnzake anali atamupatsiratu dzulo lake, tinakwera shapa, minibasi ya kwathu. Pomusiya ndinamuuza mawu amodzi okha: "Iwe, nyemba zisanyowe."

Ku ofesi mzere unali wautali. Masana mvula inagwa yamphamvu, ife titapanikizana m'khonde. Nditafika kutsogolo, bambo wa pazenera anandifunsa zimene ndimagulitsa, kenaka anati, "Mayi, izi n'za a masitolo. Inu pitirizani kulipira kapepala kanu ka tsiku ndi tsiku pamsika." Ndiye kuti ndinavutikira chabe.

Mwanayo ndinamupeza ataima pamalo pomwe ndinamusiya, madzi akuchucha m'tsitsi. Pulasitiki uja anali atavundikira saka. Buku analibisa m'kati mwa diresi, pamimba, koma diresiyo inali itanyoweratu.

"Amayi, nyemba sizinanyowe," anatero mano akugundana.

Mulungu andikhululukire, ndinayamba ndapisa dzanja m'saka kuti ndione ngati n'zoona. Iye anandiona ndikuchita zimenezo.

Kunyumba tinayesa kuliwumitsa ndi simbi ya makala. Masamba anamatana, ena n'kung'ambika pakati tikamawalekanitsa. Lolemba bambo wa mmodzi wa ana aja anafika pakhomo, sanalole n'kukhala pansi komwe.

"Mayi, mwana wanuyu ndi wa sikola kapena wa geni? Tiuzeni tidziwe."

Ndinagwada n'kupepesa. Ndinayenda m'masitolo onse a ku Ulongwe, koma anandiuza kuti mabuku a boma sagulitsidwa. Apulofesoli anali munthu wabwino, sanamukwapule, ndipo ndimawapemphererabe. Ana awiri aja anawalowetsa m'magulu ena. Koma wanga palibe kholo linalola kuti azitenga buku kupita nalo kwathu. M'kalasi ankasuzumira paphewa la mnzake, mnzakeyo n'kumatchinga ndi chigongono. Anayamba kumuitana kuti Wanyemba.

Ndinamupatsa buku langa la nyimbo za kutchalitchi kuti aziwerenga lomwelo. Analilandira ndi manja awiri, n'kuliika pamwamba pa kabati. Sindinamuonepo akulitsegula.

Anakakamira mpaka kalasi yachisanu, kenaka analeka. Lero ndi mayi wa ana awiri ku Kalomwe, geni amaidziwa kuposa ine, ndipo Ambuye amudalitsa ndi mwamuna wofatsa. Tsiku lina nditapita kukawaona ndinalimba mtima, ndinati, "Mwanawe, za tsiku la mvula lija, ndinakulakwira."

"Amayi, mukadakumbukirabe zimenezo?" anatero, n'kupitiriza kuyeza mbatata.

Tili pomwepo foni yake inalira, uthenga unalowa. Anauyang'ana kanthawi, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, kenaka anapatsira mwamuna wake.

"Tandiwerengereni, bambo ake, maso akundiwawa lero."

Ine ndinamubereka mwanayo. Maso ake alibe vuto.