Mayina a Akufa Ali M'phukusi

Pei-shan, mwana wa mlongo wanga, ndinamuphunzitsa makompyuta ndine, ndipo anayamba kulemba mapulogalamu mano asanamere. Chabwino, ndanama. Ine kompyuta ndimangoipukuta fumbi, poti ntchito yanga n'kusesa ofesi ya pakachisi wathu kuno ku Tainan. Koma zoti mtsikanayu ndi wamantha sindikuwonjezera: anabadwa akunjenjemera mpaka chipatala chonse kugwedezeka.

Anakulira pabenchi pomwe mayi ake amagulitsira supu wa nyama ya ng'ombe. Ukafika mwezi wa mizukwa, uja akufa amamasulidwa kudzayenda pakati pathu, Pei-shan saimba mluzu, sasiya zovala pachingwe dzuwa likalowa, ndipo ukamuitana chakumbuyo sacheuka, ngakhale ukhale amalume ake.

Chaka chino akuluakulu a kachisi anamupatsa ntchito yokonza tsamba la pa intaneti loonetsa mayina a omwalira oti ansembe awatchule pamwambo. Mayi Tseng, wapampando wa komiti, anamuchenjeza kuti mzimu wosatchulidwa umagona ndi njala, ndipo umadziwa kwa woudandaulira. Pei-shan anaika mayina onse m'fayilo imodzi, la agogo ake lomwe. Pa kompyuta yake zinayenda bwinobwino. Kenako anamanga pulogalamuyo pamodzi ndi mafayilo ake kukhala phukusi limodzi, n'kulitumiza ku kompyuta yaikulu ya mu ofesi.

M'mawa wa mwambo tsamba linatseguka lili mbee, lopanda dzina ndi limodzi lomwe.

"Mwana iwe, malemu amuna anga ali kuti?" anafunsa Mayi Tseng.

"Anali momwemu dzulo, mayi."

"Ndiye atuluka okha?"

Pei-shan anakweza maso. Pamwamba pa kompyutayo iye anali ataikapo kapaketi kobiriwira ka zokhwasulakhwasula za kokonati, kaja akatswiri onse kuno amaika kuti makina azimvera. Kapaketiko panalibe.

Panja ng'oma zinali zitayamba, utsi wa lubani ukulowera pazenera, lamya ikungolira. Anafunsa pulogalamu, iyo n'kuyankha kuti fayilo kulibe. Anamasula phukusi: fayilo ili phee, mayina onse ali momwemo. Chinthu choti chilipo koma sichioneka, m'mwezi ngati uno, dzina lake mukulidziwa. Thukuta limene anatuluka ndinakolopera ofesi yonse.

"Agogo, musandikwiyire," ananong'ona, uku akulondola mizere ya pulogalamu ndi chala. Mantha anamuwerengetsa pang'onopang'ono, ndipo ndi mmene anachionera. Pouza pulogalamu kokatenga mayina, analemba njira yopita m'kompyuta yake ya kunyumba. Pulogalamu inkatuluka kukagogoda pakhomo loti mu ofesi muno mulibe, chonsecho katundu ili naye kumsana. Fayilo yomangidwa m'phukusi ilibe khomo lakelake. Woifuna amapisa dzanja m'phukusimo.

Anafufuta mzerewo n'kulemba wina wouza pulogalamu kuti isapite kulikonse, iwerenge zimene yanyamula. Anamanganso phukusi, analitumiza, n'kutsinzina.

"Awo amuna anga," anatero Mayi Tseng. "Kuchedwa sanasiyebe."

Mayina anatsika onse, la agogo lili pakati. Pei-shan anakhala pansi penipeni, osati pampando. Mpweya utabwerera, anandiyang'ana ine ndi tsache langa.

"Amalume, kapaketi kaja?"

"Mizukwa, mwanawe. Ndinaiona ndi maso angawa, italiitali, mitu ikukhula denga. Ndinalimbana nayo ndi tsache lomweli."

"Mizukwa imadya za kokonati?"

"Imachita kunyambita zala."

"Ikatha kudya, pepala imapinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya anu?"