Mbatata mu Uvuni wa Marodi

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandipatsa manja awiri, ndi maso amene akuonabe ngakhale ndatha zaka zambiri ndikuyang'anizana ndi moto wowotcherera zitsulo. Ndimthokozanso chifukwa salola kuti mtima wa munthu wake ukhale phee pamene pali chinthu chokwiriridwa. Masiku amene ndikusimba pano, kusowa mtendere kumeneko sindinkakuona ngati mphatso. Ndinkangofuna kuti kundichoke.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Nkolokosa, ntchito ndikugwira pa shopu ina yokonza malole ku Limbe. Pakona pa shopuyo panali kauvuni ka magetsi kosungiramo marodi, ndodo zija timawotcherera nazo. Marodi wamba ankangokhala pa shelefu. A mu uvuniwo anali a zitsulo zokhuthala, zonyamula katundu wolemera, ndipo akapitawo athu ankawasamala ngati mankhwala.

Akapitawowo anali bambo achikulire amene paunyamata wawo anagwirako ntchito ku Joni, pa fakitale yopanga ufa wa zitsulo zosasungunuka msanga, zija amaika kunsonga kwa zobowolera miyala. Ankatisimbira kuti kumeneko ufawo ankauyala m'mathireyi, kuulowetsa m'ng'anjo, kupopa mpweya wonse wa m'katimo, kenako kuutenthetsa maola ambiri mpaka mpweya wina wotchedwa haidirojeni utatulukamo. Ukatsalamo, chitsulo chimaoneka bwinobwino koma chimaphwanyika ngati bisiketi.

"Ufa wokutira marodiwa ndi m'bale wake," ankatero. "Ukamwa chinyezi, moto umaswa madziwo, haidirojeni n'kulowa m'chitsulo. Sang'amba tsiku lomwelo ayi. Amayendayenda m'katimo, mawa, mkuja, n'kudzang'amba iwe utaiwala."

Lamulo lawo linali limodzi: mu uvunimo simulowa china chilichonse, ngakhale magolovesi onyowa.

Lachisanu lina la chiperoni, mvula yowaza ija ikungoti nyenyenye kuyambira m'mawa, akapitawo anali kumaliro ku Thyolo. Mayi a kunyumba anali atandipakirira mbatata yophika m'bakuli lachitsulo, chivundikiro chake chosatseka bwino. Pofika cha m'ma teni zala zanga zinali zitauma ndi kuzizira, ndipo ndinaganiza za mbatata yozizira ikutsika pakhosi. Ndinatsegula uvuni, n'kukhazika bakulilo pambali pa marodi. Nditatsegulanso masana, nthunzi inandiwomba kumaso. Ndinapempherera chakudyacho, n'kudya.

Ndili pakati pakudya panafika dalaivala wina wa ku Kanjedza, Msilamu, munthu amene ankabwera pa shopupo kawirikawiri. Chitsulo cholumikiza ngolo ku lole yake chinali chitang'ambika. Ankakonda kunditchula abusa chifukwa ndinkaimba nyimbo za kutchalitchi ndili m'chipewa chowotcherera.

"Abusa, ine ndapita kukaswali. Pobwera ndipeze mwalumikiza. Koma musaiimbire kwambiri lole yangayi, ingatembenuke mtima."

"Pitani bwino, achimwene. Mukatipempherereko."

"Inu mumapemphera zokwanira Limbe yonse. Lamulungu masana nditsika ndi simenti ku Nchalo, ndiye mugwire zolimba."

Chitini cha marodi atsopano chinali m'sitolo, kiyi ali m'thumba la akapitawo. Ndinatenga a mu uvuni aja. Rodi yoyamba itangogwira moto ndinamva kuti sizili bwino. Inkathetheka n'kumalavula, ndipo nditagogoda nkhanambo ya pamwamba pa chowotchereracho ndinaona timabowo ngati ta singano. Ndinapala ndi galayinda, makina opalira zitsulo aja, kuwotchereranso pamwamba, kusalaza, n'kupaka penti yakuda. Panaoneka bwino zedi. Dalaivala atabwera anagogoda ndi sipanala, kundigwira chanza, n'kupita.

Loweruka ndinadzuka ndikuganiza za lole ija. Ine kwathu ndi ku Chikwawa, msewu wotsika phiri kupita ku Thabwa ndimaudziwa kuyambira ndili mwana. Ndimadziwa makona ake, ndimadziwa mmene ngolo yodzaza imakankhira lole kumbuyo, ndimadziwanso amayi amene amakhala m'munsimo ndi malichero a tomato m'mbali mwa msewu. Ndinayamba kukonza chitseko cha khitchini, n'kuchisiya chili pa hinjesi imodzi. Ndinapita kumsika, n'kubwerako ndi mchere umene tinali nawo kale. Ndinkadziuza kuti nthunzi ya maola awiri siingalowe kwambiri, kuti ndaonapo ena akuwotcherera ndi marodi otola pansi koma malole akuyendabe, kuti mwina akapitawo amangowonjezera nkhani za ku Joni. Ndikamaliza kudzitonthoza chomwecho ndinkayambiranso poyamba.

"Bambo ake, mwapita kanayi pampopi osasamba n'komwe m'manja," anatero mayi a kunyumba. "Chavuta n'chiyani?"

"Kuziziraku."

Ndinayesa kupemphera, koma pemphero langa linali lakuti chitsulocho chigwire popanda ine kuulula. Ndinkapempha Mulungu kuti apake penti pamwamba pa penti yanga.

Lamulungu tinapita kutchalitchi kwathu ku Soche. Ulaliki sindikuukumbukira. Nthawi ya chopereka itakwana, ndili pamzere, anandibwerera Mawu aja otiphunzitsa kuti ukakumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, mphatsoyo iyambe yadikira, iwe upite kaye kwa m'baleyo. Ndinali nditawawerengapo anthu ena Mawu amenewo nditaimirira kutsogolo. Ndinatuluka pamzere, kupatsira mayi a kunyumba envelopu ndi buku la nyimbo, n'kutulukira khomo la m'mbali.

Nambala ya foni ya dalaivalayo ndinalibe. Ndinkangodziwa kuti amakhala ku Kanjedza kufupi ndi mzikiti. Minibasi ya Lamulungu siidzaza msanga. Ndinakwera, kutsika, kusuzumira kumsewu ngati kukubwera ina, n'kukweranso.

"Madala, khalani pansi," anatero kondakitala. "Siiyendera miyendo yanu iyi."

Ku Kanjedza ndinafunsa amayi ogulitsa mandasi, iwo n'kundilozera kwa abambo ena okalamba amene anakhala pakhonde la mzikiti. Abambowo anafuna adziwe kaye kwathu, ndi chimene munthu wa suti ankafuna kwa mwana wawo. Kenako anandilondolera nyumba ya dalaivalayo. Kunyumbako akazi ake anati wangotuluka kumene, lole ili pabwalo cha kumphepete kwa nkhalango. Ndinathamanga m'matope ndi nsapato za kutchalitchi.

Ndinampeza akumanga zingwe za tenti, mnzake wina akumukokera mbali inayo.

"Abusa! Mwasochera? Nkhosa zanu sizili kuno."

Ndinamuuza zonse ndili chiimire, mpweya ukundithera: za uvuni, za bakuli, za timabowo tija, za penti. Anandimvetsera chingwe chili m'manja.

"Mbatata?" anatero. Anayang'ana mnzake uja, onse n'kuseka. "Ndiye ndiwaimbire abwana kuti simenti siifika ku Nchalo chifukwa cha mbatata?"

"Ndikupempha palafini ndi choko basi. Mukapanda kuona kanthu, pitani."

"Dzulo ndayenda nayo kukapakira, siinalire."

"Siilira, achimwene. Imangoduka."

Anasiya kuseka. Mnzakeyo anapita kukatenga palafini m'kabotolo, ndi choko cha ku madirasa. Ndinagwada pansi pa ngolo, kupala penti ndi mpeni, kuthira palafini pamene ndinawotcherera, kudikira kuti alowe, kupukuta mpaka pouma, kenako kupaka choko paliponse. Ngati pali mng'alu, palafini wolowamo amabwerera n'kudetsa choko. Ndinagogoda ndi hamala, tonse atatu n'kumayang'ana.

Panali poyera. Mphindi zinadutsa, pali poyerabe. Ndinamva manyazi, komanso, ndisabise, ndinamva kupepukidwa. Dalaivala anapukusa mutu, kukwera m'lole, n'kuliza injini. Ngolo inayamba kunjenjemera. Ine ndinali ndisanadzuke, ndipo pamenepo ndinaona kamzere kakuda, kowonda ngati tsitsi, kakutuluka m'mphepete mwa chowotchereracho. Kanatalika ngati chala changa, n'kukhotera pansi. Mnzake uja anamenya chitseko cha lole ndi chikhatho.

Dalaivala anazimitsa injini, kutsika, n'kugwada m'matope pambali panga. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Lachisanu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munandigwira chanza bwanji?"

Anapita patali kukaimba foni. Mawu a abwana ake ankamveka mpaka pamene ndinaima, iye akungoti, "Inde bwana, ndamva bwana." Atabwerera anati ngoloyo siingayende ndi katundu ngakhale kukafika ku Limbe. Anaitana anthu angapo a pafupi, ine n'kuvula jekete. Tinatsitsa simenti yonse ya m'ngolo, thumba limodzilimodzi, kuisanja pa matabwa n'kuifunditsa tenti.

Lolemba m'mawa ndinadikira akapitawo pageti, n'kuwauza ndisanalowe. Sanakalipe. Anatsegula uvuni, kununkhiza, kutulutsa marodi onse n'kuwaponya m'diramu la zinyalala. Ngolo itabwera anaima pambali panga ndikukumba chowotcherera chonse mpaka pa chitsulo choyera. Tinatenthetsa chitsulocho ndi gasi, kuwotcherera ndi marodi a m'chitini chatsopano, kukwirira ndi mchenga wouma kuti chizizire pang'onopang'ono, ndipo akapitawo anati ngoloyo palibe woigwira mpaka patatha masiku awiri. Dalaivala anadandaula kuti ntchito imuthera. Akapitawo anati iwo sangafulumizitse mpweya umene suoneka. Ine anandichotsa pa zitsulo zokhuthala, ndipo ndinatha miyezi yambiri ndikuwotcherera mageti ndi mabagalabazi a m'mawindo.

Lachinayi tinapakanso choko, panakhala poyera mpaka madzulo. Dalaivala analumikiza ngolo yake n'kutuluka pageti osatsanzika. Ntchito siinamuthere, koma pa shopu yathu sanabwerenso. Nthawi zina ndimamuona mu Limbe ali pamzere wa magalimoto. Tsiku lina amakweza dzanja pachiwongolero, tsiku lina amangoyang'ana kutsogolo, ndipo ine ndimalandira zonse ziwiri.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye adalitse ntchito ya manja anu, yooneka ndi yosaoneka yomwe. Akupatseni miyendo yopepuka pa tsiku limene muyenera kubwerera kwa munthu amene munamlakwira, ndipo mukampeze asananyamuke. Asunge onse okwera ndi otsika mapiri ndi katundu wolemera, awafikitse kwa ana awo ali amoyo. Chisomo chake chikhale ndi inu nonse. Ameni.