Dzino la Pansi pa Diso Langa

Senderani pafupi, abale anga, pakuti mawu anga masiku ano amathawira pa mpata wa dzino. Ine Nabanda sindidziwa kulemba. Wagwira cholembera ndi mwana wanga Esinati, ine ndikungoyankhula.

Chinayamba nthawi yokumba mtedza. Ndikutafuna chimanga chokazinga, dzino la m'mwamba, mbali ya kumanja, linandilasa ngati munga. Madzi ozizira akalikhudza, ululu unkathamangira mpaka m'khutu. Ndinkatsinira fodya wa m'mphuno m'bowo lake. Likagona lero, mawa ladzuka.

Kuchipatala sindinafuneko. Kwathu kuno ku Nambuma tinakula tikumva kuti dzino la m'mwamba lili ndi mtsempha wopita ku diso, ukazula, diso limazima. Tsono ine diso lakumanzere linachita kale ng'ala. Ndimayendera limodzi, la pamwamba pa dzino lomwelo. Komanso mdzukulu wanga Chisomo anali woyembekezera, mwezi wake utayandikira. Mumtima ndinati, bola ndizilira ndi dzino, koma nkhope ya khandalo ndiione.

Anzanga a Nachisale anabwera ndi njere za nthula. Anaziwotcha pa phale, ine nditafunda chitenje, ndikuyasamula pa utsi. Titavundukula tinapeza tizinthu toyera m'mbale ya madzi. "Si izi mphutsi zake, eti? Mwachira basi, a Nabanda!"

Sindinachire. Pofika mu Juni tsaya linatupa ngati dzungu, thupi likutentha, phala losamezeka. Loweruka lina ndinadzuka diso labwino lija litatsekeka ndi chotupa. Dziko linasanduka nkhungu. Dzuwa lili paliwombo, ndinkaona malemu amuna anga akubwera m'munda woyera ngati thonje, khasu paphewa, akuyenda koma osafika. Mbuzi zinkalira ngati zili pansi pa chitsime.

Lamulungu Esinati anamva kutchalitchi kuti kwabwera madokotala a mano, Akhristu ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo akhala pasukulu ya mpingo masiku anayi okha. Lolemba m'mawa anandikweza pangolo. Pansi pa mitengo ya mango panali khamu, aliyense atagwira tsaya. Anayamba ndi nyimbo ndi pemphero, kenaka anatipatsa timapepala ta manambala. Tinadikira mpaka mthunzi unatembenuka, jenereta ikung'ung'udza, ine ndikuwodzera paphewa pa Esinati.

M'kalasimo anandigoneka pa mpando wopinda. Dokotala anali mayi, atamanga nyali pamphumi. Ndi diso la ng'ala lija ndinkangoona kuwala kukutsika, ngati nthanda yandiweramira. Anali ndi mnzake wantchito, bambo wa kuno kwathu, dokotala wa mano nayenso, amene ankamasulira. Nditanena mantha anga ndi za nthula zija, sanaseke. Bamboyo anati, "Agogo, kuzula dzino sikuzimitsa diso. Mafinya awa ndiwo angalizimitse, ndipo akalowa m'magazi angakutengeni. Tizinthu toyera tija ndi njere zophulika ndi moto." Anandibaya jakisoni, nandipatsa mapilitsi omwa katatu patsiku. Anati ndibwere Lachinayi adzazule dzinolo, koma chotupa chikakula tithamangire kuchipatala chachikulu.

Lachitatu diso linatseguka pang'ono. Choyamba kuona chinali lipombo la tambala, lofiira kuti psuu. Apa ndiye panabwera mayesero. A Nachisale anati, "Diso labwerera lokha, ndiye mukalipereke dala?" Lachinayi ng'ombe zinamangidwa, ine ndili phee pakhonde, dzuwa likukwera. Chisomo anabwera, natenga dzanja langa kuliika pamimba pake. Mwana anagunda kawiri. Ndinaganiza kuti wakhungu angathe kunyamula khanda, koma wakumanda sangathe. Ndinakwera ngolo.

Tinafika akutsala pang'ono kulongedza. Atandibaya m'nkhama, mlomo unakhala ngati wobwereka. Bambo uja anaimika Esinati pazenera nati, "Muziyang'ana chitenje cha mwana wanu. Chikazima, kwezani dzanja." Chinali cha maluwa achikasu. Ndinamva kugwedeza, ngati akuzula chinangwa m'dothi louma, kenaka kanthu kanagwa m'mbale yachitsulo kuti ngwee. Ndinaphethira. Maluwa anali pomwepo, onse. Dzanja langa silinachoke pachifuwa. Mayi uja analigwira napemphera m'chinenero chake. Ndinangomvapo Amen.

Anandilumitsa thonje, nati mawa lake ndizichukucha madzi ofunda amchere, fodya asayandikire bala. Patatha masabata awiri ndinali kuswa mtedza.

Lero ndili bwino, tsaya lomwelo ndimatafunira. Ndikanapita lija litangoyamba kulasa, mwina dzino akanalimata, sindikanafika poona amuna anga masana. Inu dzino likayamba kukana madzi ozizira, pitani kuchipatala tsaya lisanatupe. Musadikire alendo, chifukwa sabwera chaka chilichonse.

Madokotala aja anabwerera kwawo, maina awo lilime langa linalephera kuwasunga. A Nachisale chaka chino anakazulitsa awiri kuchipatala, a m'mwamba onse, ndipo amandiona ndili patali n'kuyamba kubisa pakamwa. Esinati chitenje chija ndinamulanda. Chisomo anachira mu Julaye, mwana wamkazi, mphuno ya malemu amuna anga yeniyeni. Dzulo mwanayo anandiluma chala. Nditamuyasamulitsa ndinationa ndekha, timano tiwiri, toyera ngati mpunga.