Naomi ndi maenvelopu awiri a ku Oshawa

Naomi Kachingwe amasamalira okalamba ku Oshawa, m'dziko la Canada. Kwa zaka zitatu ankadyetsa gogo wina, loya wopuma wochokera ku America, yemwe phala silinkatsika kukhosi asanaphunzitse munthu malamulo a chisankho. Supuni imodzi, ndime imodzi. Naomi anameza malamulo ochuluka moti akayetsemula pankatuluka chigamulo.

Ndiye chaka chatha bungwe la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia linakumana ku Mississauga kusankha wapampando. Nthambi iliyonse imatumiza mayina a anthu okaivotera. Ya ku Oshawa inatumiza maenvelopu awiri: ina yosainidwa ndi mlembi wa nthambi, Mayi Mwangala, pa tsiku lake, ina yolembedwa pakanyenya m'galaja ya a Fiskani, alamu ake a Naomi. Yonunkhira utsiyi ndiyo ikanapatsa mpando a Wyson, amuna ake a Naomi. Wotsegula maenvelopu, monga wachiwiri kwa wapampando, anali Naomi yemweyo.

A Wyson anali atagula kale suti yowala moti ndege zinkafuna kutera paphewa pawo.

"Amake Natalie," ananong'oneza Naomi, "envelopu ya kwanu mukuidziwa."

Naomi anaimirira. "Ku America mindandanda ya okavotera pulezidenti ikabwera iwiri, wopambana amadziwika ndi malamulo a chigawo chake, bwanamkubwa n'kusaina nthawi isanathe. Wosakhutira amapita kukhoti. Wachiwiri kwa pulezidenti amangotsegula envelopu, sasankha. Mndandanda wosainidwa sutayidwa pokhapokha nyumba zonse ziwiri za malamulo zitagwirizana."

"Kuno ndi ku Canada, mlamu," anatero a Fiskani.

"Chabwino, alamu. Malamulo athu akuti chiyani?"

Malamulo a bungwe anali tsamba limodzi, theka lake lonena za wobweretsa zakumwa. Choncho anthu anagwirizana zobwereka malamulo a gogo uja: azibambo nyumba imodzi, azimayi inzake. Azibambo anakweza manja kukana mndandanda wa Mayi Mwangala. Azimayi, omwe kukanyenya kuja sanaitanidwe, anapinda manja ngati akudikira basi. Mndandanda unakhala, mpando unapita kwina.

Pobwerera pa msewu waukulu wa 401 a Wyson ankayendetsa galimoto atakwinya nkhope. Naomi anayamba kuganiza zoti banja lathera mu envelopu. Atafika pa tauni ya Whitby bambo anatsokomola.

"Ndiye mwati wosakhutira amapita kukhoti. Khotilo lili kuti?"

"Kunyumba. Woweruza ndine. Koma odandaula amayamba akokolola sinowo amene wagwa pakhomo."

A Wyson anaseka mpaka kuphonya pokhotera. Madzulo ake anakokolola sinowo atavala suti yomweyo, msewu wonse n'kuwala.