Botolo lopanda dzina pashelefu ya pansi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, atamva kuti dokotala wa pafupi ndi masitolo a ku Machipisa akufuna mtsikana wa satifiketi. Satifiketiyo ndinali nayo. Ndinalinso ndi Esnati, mwana woyamba kumene kuyenda.

Sisita Ncube, namwino wamkulu pachipatalapo, anandiphunzitsa msanga. Masirinji agalasi ndi singano, kuwiritsa mphindi makumi awiri, kuvuula ndi chopanira, osati ndi zala. Thonje lamagazi, kukatentha kuseri. Chamadzi chilichonse chikhale ndi dzina pabotolo. Ntchito ndinkaidziwa, pamenepo sindinama.

Koma inali nthawi ya nkhondo, katundu wakunja sankabwera. Botolo la mankhwala likasweka, lina kunalibe. Tsiku lina ndinathira mankhwala opukutira mabedi m'botolo la zakumwa, n'kuliika pashelefu ya pansi m'chipinda chosungira katundu. Ndinati dzina ndilemba mawa. Sabata inatha.

Lachinayi apongozi anga, amene ankatsala ndi mwana, anapita kumaliro. Ndinamubereka Esnati, n'kukamubisa m'chipinda chomwecho ndi chidutswa cha buledi. Odwala anadzaza mpaka pakhonde. Nditalowa kukatenga mabandeji ndinamupeza atakumbatira botolo lija, chotsekera chili m'kamwa, diresi litanyowa.

Ndiulule: ndinayamba ndaima. Ndinaganiza zongomupukuta n'kukhala chete, chifukwa kuitana Sisita kunali kudziululira milandu iwiri, mwina ntchito n'kuthera pomwepo. Kenako ndinakuwa.

"Muli chiyani umu?" anafunsa Sisita akununkhiza botololo. Ndinatchula.

"Musamusanzitse! Muvuleni diresilo."

Tinamutsuka pampopi nthawi yaitali iye akulira. Dokotala anamuunika kukhosi ndi tochi. Sanameze. Pachifuwa pokha ndi pamene panapsa.

Odwala atatha, Sisita anandiitana. "Amake Esnati, lero mwatchula ndinu. Mukanakhala kuti mwakomoka ndi mantha, botololi likanatiuza chiyani?" Anandipatsa pulasitala ndi cholembera. "Botolo lililonse mulilembe dzina musanaweruke. Ndipo mukasowa wosiyira mwana muzinena. Nafenso tinabereka."

Sanandichotse. Kuyambira tsikulo ndimayamba ndalemba dzina, kuthira pambuyo, ndipo atsikana atsopano ndimawauza nkhaniyi osabisa mbali yanga. Kunyumba bambo a Esnati amandiseka kuti ngakhale palafini, wodziwika ndi fungo, ndamulemba dzina. Aseke. Kachipsera kaja ndimakaona ndine pomusambitsa mwanayo.