Saidi anatenga mthuthuthu, ine ndinatsala ndi zitsa

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera kwa wansembe wathu ku Nkope. Anandiuza kuti bungwe lina pa boma ku Mangochi likufuna anyamata omaliza sukulu oti azikagwira ntchito ndi alimi ku Chowe. Inali nthawi ija nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, anthu othawa kwawo atadzaza midzi. Mapiri anali atayera ndi nkhwangwa, ndipo mvula ikagwa dothi linkangotsetsereka kusiya zigwembe.

Anatitenga awiri, ine ndi Saidi, mnzanga wa kusukulu amene ndinkamuposa pafupifupi phunziro lililonse. Bwana wathu, a Kachingwe, ananeneratu kuti, "Dzinja likatha titsala ndi mmodzi, ndipo ameneyo ndiye adzalandire mthuthuthu." Kuyambira tsiku limenelo ubwenzi wathu unayamba kuwawasa.

Anatiphunzitsa kukonza nazale, kuthira dothi m'machubu, ndi kuboola pang'ono khungu la njere za msangu ndi chowengera zikhadabo kuti zimere msanga. Tinaphunziranso kuyeza mizere ya akalozera, yotchinga madzi pamalo otsetsereka, ndi chida cha timitengo titatu chokhala ndi chingwe ndi mwala pakati, n'kumakhoma zikhomo, kenako kudzala udzu wa vetiva. Koma lamulo lalikulu linali lakuti mlimi asakakamizidwe, asankhe yekha chimene akufuna m'munda mwake.

Pogawa midzi, Saidi anapatsidwa ya kumunsi, kwawo kwenikweni, kumene amayi ali ndi minda yosiyiridwa ndi makolo awo. Chiyao ndi chake, kumzikiti amakumana nawo, aliyense ndi azakhali ake. Ine anandiponya kumtunda, kumene kunadzaza othawa kwawo. Ndinkakwera phiri nditasenza kheni yothirira mbande, thukuta lili kamukamu, iye akudyetsedwa mango pakhonde la anthu. Ndisaname, zinkandiwawa. Ngakhale kaimbidwe kake ka mluzu kankandinyansa.

Tsiku losankha linafika. Tinkayala pansi mbande ya msangu, ya lukina, phata la vetiva ndi nthambi ya nandolo, ndiye mlimi aliyense amaika mwala pa chimene wakonda. M'mawa a Kachingwe anayamba kwa Saidi, ine ndili pambuyo pawo. Abale inu! Amayi anaunjika miyala pa mitengo, n'kusenza mbande m'mabeseni akululutira. Nazale yake inatha psiti. Ndinawomba nawo m'manja, koma mtima uli kuti thi.

Masana tinakwera kwanga. Anthu anabwera ambiri, anakhala pansi, miyala ili m'manja, koma palibe anadzuka. Mbande zanga, zobiriwira kuposa za Saidi, zinangokhala poteropo. Kenako anaimirira Che Bwanali, bambo wachikulire amene anawoloka malire ndi ana ake ndi khasu lokha.

"Achimwene, musatipalamulitse," anatero akundiyang'ana. "Minda iyi anachita kutibwereka. Mlendo akadzala mtengo m'munda wa eni ake, ndiye kuti akunena kuti mundawo ndi wake. Mawa lomwe atilanda, ndiye ana athu akadya chiyani?"

Anayenda mpaka kumphepete kwa munda pamene panali chitsa cha mthethe chitaphuka mphukira zambiri. Anasadza zofookazo ndi chikwanje, n'kusiya ziwiri zolimba.

"Uwu sitinadzale ife, anadzala ndi Mulungu. Palibe angatizenge nawo mlandu."

Anaika mwala wake pachitsapo. Onse anadzuka n'kuchita chimodzimodzi, ena n'kuikanso pa nandolo, poti ameneyo umakolola n'kuchoka. Pa mbande zanga panalibe ngakhale kamwala kamodzi.

Ndinauza a Kachingwe kuti alimi asankha, monga lamulo linanenera. Iwo anapukusa mutu.

"Iwe, akuluakulu amafunsa mitengo yodzalidwa. Chitsa ndikachitchula kuti chiyani?"

Saidi anandigwira paphewa, ati pepa mnzanga. Dzanja lakelo ndinalichotsa.

Ndinatsiriza dzinjalo ndikusadza zitsa ndi Che Bwanali ndi anzawo, munda ndi munda, ndikudziwa kale kuti zanga zada. Mthuthuthu unapita kwa Saidi. Ine ndinabwerera ku Nkope kukathandiza amalume kuyanika usipa, mpaka ndinapeza ntchito ina ya zaulimi ku boma lina. Chimene ndinatolapo n'chakuti usanamufunse mlimi mtengo umene akufuna, yamba wafunsa kuti mundawo ndi wa yani. Mpaka lero ndimayambira pamenepo.

Nkhondo itatha, anthu ambiri aja anabwerera kwawo, minda n'kubwerera kwa eni ake. Tsiku lina ndinapita ku Chowe kumaliro, ndipo ndinaona kumtunda kuja kuli mthunzi, zitsa zija zitasanduka mitengo yoposa denga la nyumba. Pansi pake panaima galimoto ya alendo ovala zipewa, akujambula zithunzi. Amene ankawafotokozera, mimba itatuluka, anali Saidi.

Atandiona anakuwa mosangalala kuti, "Bwera udzaone ntchito yathu!"

Ndinamuyankha kuti ndachedwa kumanda.