Buluku M'kati mwa Chitenje

Ndili mwana ku Bulawayo, kumene bambo ankagwira ntchito, ndinkakonda kutsetsereka pa kathabwa ka matayala anayi. Titabwerera ku Mulanje ndinakaiwala. Tsiku lina, ndili kale mayi wa ana awiri, ndinapeza kathabwa kotere pamsika wa Chitakale, pakati pa katundu wakale wa mzungu wina wa kuesiteti. Tayala limodzi linali long'aluka, choncho wogulitsayo anandipatsa motchipa.

Masiku amenewo mkazi akavala buluku ankamangidwa. Koma poopa kusupuka mawondo, ndinavala la amuna anga, chitenje pamwamba. Ndinasankha kamsewu ka phula kotsetsereka pakati pa minda ya tiyi. Ndinakwera pa kathabwako. Liwiro litangoyamba, chitenje chinakola m'tayala n'kumasuka, ine khu! pansi.

Potukula mutu ndinaona amayi ena othyola tiyi akuyang'anitsitsa bulukulo. Ndinadziona ndili kale m'manja mwa anyamata a chipani.

"Dzukani msanga," anatero monong'ona. "Akapitawo akubwera."

Anandimanga chitenje ndi manja awo, kathabwako n'kukabisa m'dengu la tiyi. Madzulo, atafunsa njira, anabwera nako kunyumba, koma padapita nthawi ndisanalimbe mtima kukakweranso.